Zopeka za M'khola la Nkhukundembo

Munthu woimba limba m'tchalitchi amaona zambiri kuposa abishopu. Limba lathu lili kutsogolo, pambali pa gome, ndiye ndikakhala pamenepo nkhope za mpingo wonse zimakhala zili kwa ine. Ndimadziwa amene amasinza, amene wakangana ndi mkazi wake m'galimoto pobwera, ndi amene amabisa foni m'buku la nyimbo. Tsiku limene mkamwini wanga anapita kugome kuja, ine ndinaona zonse, ndipo pothawira ndinalibe.

Ndine LaRue Mickelsen. Amuna anga a Orval akhala akuweta nkhukundembo m'chigwa chathu chino cha ku Utah kuyambira ali mnyamata, sukulu anaisiyira panjira chifukwa cha makola omwewo. Ndife Amormoni obadwira momwemo, ndipo mpingo wathu uli ndi buku lopatulika lakelake. Lamulungu loyamba la mwezi timasala kudya, ndipo tsiku limenelo kulibe ulaliki, aliyense amene mtima wamutuma amapita kugome kukapereka umboni. Oyamba kudzuka ankakhala a Orval nthawi zonse. Mpingo unazolowera, moti palibe ankasuntha iwo asanatsokomole n'kugwira benchi lakutsogolo. Mawu awonso anali omwewo mwezi ndi mwezi, mpaka ana ankawayeseza pobwerera kunyumba.

"Abale ndi alongo," ankatero, "ine ndikudziwa kuti buku lathu lopatulika ndi loona. Mneneri amene anatimasulira bukuli kuchokera pa mapale agolide amene mngelo anamuonetsa anali mnyamata wakumunda, wosaphunzira. Ine ndine mlimi, ndimadziwa pomwe mutu wa mlimi umalekeza. Mlimi sangapeke buku limeneli, sizingatheke n'komwe."

Koma m'nyumba mwathu munali chilonda. Mwana wathu wamkazi mmodzi yekhayo, Janalee, anakwatiwa ndi munthu wakunja kwa mpingo, Travis Rudnick wa ku Wyoming, woyendetsa mathiraki a maulendo ataliatali. Ndisaname, ndi munthu wabwino. Mpope ukamadontha amakonza asanapemphedwe. Koma ukwati wawo anamangitsa kuboma, ndipo pomwe womangitsayo ananena kuti "kufikira imfa idzakulekanitseni," ine ndinalira ngati ndili pamaliro. Ife ukwati timamangira m'kachisi, wamuyaya, mwamuna, mkazi ndi ana awo, ndipo imfa siudula. Tsono m'kachisi salowamo munthu wosabatizidwa. Janalee ankaseka ndi anthu, koma ine ndine mayi wake, ndinkadziwa chomwe chinkamudya: kuti tsiku lomwe mmodzi adzatseke maso, Travis adzakhala mlendo kwa iye.

Tinayesa, abale inu, tinayesa. Amishoni anabwera awiriawiri atamanga matayi awo, Travis ankawapatsa madzi akumwa n'kuwaonetsa injini ya thiraki mpaka nthawi yawo kutha. Buku lathu lija tinam'patsa, linakhala m'kabati losatsegulidwa ndi tsamba limodzi lomwe.

"Mayi, ine za angelo ndi mapale agolide ayi," ankandiuza akuseka. "Ndikangoona manambala a ndime aja mutu umayamba kuwawa."

Nyengo yachisanu yathayi zinthu zinasintha. A Orval anayamba kudzitsekera m'kachipinda ka kukhola ndi foni, n'kumayankhula okha kwa nthawi yaitali. Ndinawafunsa ngati ayamba kulalikira nkhukundembo.

"Ndikumujambulira Travis tinkhani," anatero. "Azimvera panjira, asamasinze pachiwongolero."

Ndinakondwa, sindinafunsenso. Mkamwini ndi apongozi ake akamagwirizana, mkazi wanzeru amatseka pakamwa. Travis akabwera kuulendo ankathamangira kukhola asanandipatse ndi moni yemwe, ndipo ndinkamumva akukuwa kuti, "Madala, ndiye zitha bwanji? Musandisiye m'malere!" A Orval ankangoseka n'kunena kuti sanaganizebe.

Chipale chofewa chitayamba kusungunuka Janalee anabereka mwana wamkazi, Marlee. Makanda timawadalitsa Lamulungu la kusala lomwelo, ndiye Travis anabwera kutchalitchi atavala jekete yobwereka, manja ake akutulukira kutali. Amuna a mpingo anazungulira khandalo kutsogolo, a Orval analitchula dzina n'kulidalitsa, bambo wake wa mwana atakhala pabenchi ngati wodutsa. Ndinamuona akupukuta m'maso, ndipo ndinati mumtima, Ambuye, mwina ndi lero.

Kenako abishopu athu, a Frandsen, anaima n'kunena mwa masiku onse kuti nthawi yatsalayi ndi ya aliyense amene mtima wamutuma. A Orval anatsokomola, anapita, ananena zawo zija za mlimi, n'kubwerera. Asanakhazikike n'komwe, Travis anadzuka.

Chakudza sichiimba ng'oma. Ndinaona Janalee akugwira pakamwa, maso atadzaza misozi yachimwemwe. Inenso mtima unali phaphapha. Travis anafika pagome, anagogoda chimkuzamawu ndi chala ngati akuyesa tayala.

"Pepani, ine si wa mpingo wanu," anatero. "Koma bwanawa ati aliyense, ndiye ndabwera. Madala angonena kumene pano kuti mlimi sangapeke buku. Madala, kudzichepetsa kwanji kumeneko? Anthu inu simukuwadziwa munthuyu. Chisanu chonsechi akhala akunditumizira nthano pafoni, ndipo iliyonse amayamba ndi mawu akuti, 'Izi ndapeka ndekha m'khola la nkhukundembo.' Ndikukuuzani, munthuyu ndi katundu."

Anthu ena anaseka pang'ono. Ine ndinayang'ana a Orval. Nkhope yawo inali itayera ngati pepala.

"Muli mdala wina wachuma," Travis anapitiriza, "amene analota kuti mzinda wawo uwonongedwa. Anasiya nyumba, anasiya golide, anatenga banja lonse ulendo wa kuchipululu."

Kuseka kuja kunazimiririka. Thupi langa lonse linachita tsemwe. M'tchalitchi monse munalibe munthu, ngakhale mwana wongoyamba kumene sukulu, amene sanaizindikire nkhani imeneyo. Ndi pomwe buku lathu limayambira. Amayi ena amene ankatsegula chikwama anangouma dzanja lili m'kati. Abishopu anayang'ana nsapato zawo.

"Ana ake aakulu awiri ndi oipa mitima, ntchito kung'ung'udza basi. Mayina awo ndi Darwin ndi Keith."

Mayo ine! Darwin ndi Keith ndi alongo anga enieni, obadwa nawo bere limodzi, ndipo Keith anali pomwepo pabenchi lachitatu, kukamwa yasa.

"Mkazi wa mdalayo ndi wolongolola, amamunena mwamuna wake kuti ndi wolota masana. Dzina lake ndi LaRue. Pepani mayi, sindinalembe ndine."

Nkhope zonse zija zinatembenukira kulimba. Ndinalakalaka pansi patang'ambika. Koma Travis sanaone chilichonse.

"Pali pena pomwe akuluwo anam'manga mng'ono wawo ndi zingwe m'chombo, pakati panyanja. Kunabwera namondwe, anachita mantha, anam'masula. Manja atatupa choncho, iye osabwezera, osatukwana. Ine pamenepo ndinaimika thiraki pambali pa msewu ku Nevada, ndinalira ngati mwana. Ndinamuimbira foni mkulu wanga amene sitinkayankhulana chimwalirire mayi athu. Lero tikuyankhulana chifukwa cha bodza la madalawa." Anapukuta mphuno ndi dzanja la jekete yobwereka ija. "Ndinene chilungamo. Mukanakhala ndi buku ngati limeneli m'malo mwa lanu la angelo lija, bwenzi ine nditabatizidwa kalekale. Basi, zikomo."

Munthu akamaliza umboni mpingo umavomera kuti amen. Tsiku limenelo munangoti zii. Travis anatsika, akuyenda pakati pa mabenchi akumwetulira, ndipo m'pamene Mlongo Verla Tuttle, nkhalamba yogontha m'khutu, ananong'oneza mnzake. Kunong'ona kwa munthu wogontha mumakudziwa, kunamveka mpaka kukhomo.

"Nanga si buku lathu lomwelo? Akunena buku lathu ameneyu!"

Travis anaima. Anayang'ana a Verla, anayang'ana abishopu, kenako anayang'ana a Orval, amene anali atazyolika. Kumwetulira kuja kunachoka pang'onopang'ono, makutu ake anafiira. Anavula jekete, anaiika pabenchi pafupi ndi Janalee, n'kutuluka. Nyimbo yotsekera ndinaiyamba kawiri, zala zanga zinkangogunda pena paliponse.

Kunyumba ndinali nditakonza nyama yankhumba yootcha ndi mbatatesi za tchizi zomasulira kusala. Palibe anazikhudza. Travis tinam'peza pabwalo atatsamira galimoto yake. A Orval anapita kwa iye chipewa chili m'manja, ine ndi Janalee tinaima pakhonde, Marlee akadali m'diresi lake loyera.

"Mwana wanga, ndimvere kaye," anatero a Orval.

"Ndakumverani chisanu chonse, madala. Mwandisandutsa chitsiru pamaso pa tauni yonse."

"Ndimati ndikuuze posachedwa. Ndinangochotsa manambala ndi angelo, n'kusintha mayina. Zina zonse ndi momwe ziliri m'buku. Unalira, Travis. Unam'khululukira mkulu wako. Umenewo ndi Mzimu, ndi momwe umachitira umboni kuti chinthu n'choona."

"Ndinalira chifukwa ndinkadziwa kuti ndi bodza," anayankha Travis. "Bodza ulibe nalo mlandu, umangolitsegulira chitseko. Anthu aja ndinkawaona ngati ndikukuonani inuyo. Tsopano mwati zinachitikadi, mutu wanga wayamba kale kufunsa. Chombocho chinakocheza pati? Mabwinja awo ali kuti? Anawaona ndani? Mwawapha anthu anga aja, madala."

A Orval anagwira mawu awo a masiku onse ngati munthu wogwira ndodo potsetsereka.

"Koma taganiza bwino. Nkhani yotereyi, yoimitsa munthu wamkulu pamsewu, mlimi wosaphunzira angaipeke?"

Travis anawayang'ana, osati mwachipongwe ayi, mwachisoni.

"Madala, ine ndakhulupirira chisanu chonse kuti mwaipeka ndinu. Sizinandivute ngakhale tsiku limodzi."

Anakwera galimoto n'kumapita. Pabwalo panatsala fumbi ndi kulira kwa nkhukundembo. Mawu amenewo anandilowa ngati singano. Chikhulupiriro changa sichinachoke, koma mzati umene ndinautsamira moyo wanga wonse ndinaumva ukugwedera. Janalee anatsika pakhonde pang'onopang'ono.

"Bambo, kuyambira ndili mwana mwakhala mukundiuza kuti mlimi sangathe."

"Sindinapeke ine, Janalee! Ndinangosintha mayina!"

"Ndikudziwa, bambo. Koma Travis sanadabwe."

Atachoka Janalee ndinawatsukuluza a Orval, ndipo sindikupepesa. Ndinawafunsa ngati mutu wawo ukuyenda bwino. Lachisanu muli m'khola mukunena kuti mwapeka nokha, Lamulungu muli pagome mukunena kuti mukudziwa kuti n'zoona, anthu amatero? Buku la Mulungu mwalivula zovala n'kuliveka ovolosi yanu? Nanga mayina onse ali padziko, wolongolola munasowa wina?

"Inali nyambo chabe, LaRue," anatero motsitsa mawu. "Wowedza sadya nyongolotsi."

"Nyambo yanuyo yakukolani nokha pakamwa," ndinawayankha. "Mapanga awiri avumbwitsa."

Masabata otsatira anali oipa. Travis anasiya kufika kwathu. Janalee ankabwera maso ali otupa, akuti mwamuna wake sakukhulupirira kuti iye sankadziwa kanthu, akuti banja lonse linkamuseka kumbali. Abishopu anawaitana a Orval, ndipo zomwe anakambirana sanandiuze, koma anabwerako atakalamba. Keith anasiya kutipatsa moni. Kusitolo amayi a mpingo ankandifunsa za umoyo wanga mokoma kwambiri, kukoma kuja kopweteka. Kachisi uja, amene tsiku lodalitsa mwana ndinaona ngati wayandikira, anali atapita kutali kuposa kale.

Masana ena tikulandira anapiye atsopano kukhola, chitseko chinatseguka. Anali Travis, ndevu zosameta, manja m'thumba. Anandipatsa moni mwaulemu, kenako anakhala pathumba la chakudya cha anapiye.

"Madala, ndili ndi vuto," anatero. "Munandisiya anthu aja atagawikana, abale okhaokha akunolerana malupanga. Ndayesa wailesi, ndayesa nyimbo, sizikundichoka m'mutu. Ndikufuna kudziwa kuti zinatha bwanji."

Nkhope ya a Orval inawala ngati ya mwana.

"Buku uli nalo m'kabati, mwana wanga. Zonse zili momwemo."

"Ndinalitsegula. Tsamba loyamba lomwe layamba kale kundilumbirira kuti ndi loona, ndipo ine ndayamba kale kukangana nalo. Ndinalitseka. Ndikufuna nthano yanu ija, m'mawu anu, ndi Darwin ndi Keith momwemo. Muziyamba momwe munkayambira muja."

"Kuti ndapeka ndekha?"

"Eya. Mukatero ndimvera mpaka kumapeto. Kutchalitchi ndizibweranso, ndizimunyamulira Janalee mwana. Za ubatizo sindikulonjeza, koma makutu anga mudzakhala nawo." Anaima kaye, akuyang'ana anapiye. "Chinthu chimodzi chokha. Ine munthu wa pakamwa pawiri sindingamumverenso. Ndikadzakumvani pagome paja mukunena kuti mukudziwa kuti n'zoona, ndidzatuluka, ndipo foni yanu sindidzaitsegulanso."

Ndinangoti kakasi, mwanapiye ali m'manja. A Orval anatembenukira kwa Travis.

"Ukundiuza kuti ndikane umboni wanga," anatero.

"Sindikukuuzani kanthu, madala. Munayamba ndinu."

Atatuluka ndinawauza a Orval kuti asayerekeze. Ndinati munthu sagula mkamwini ndi umboni wake, ndipo Mulungu safuna thandizo la bodza. Anangogwedeza mutu, osanena kuti inde kapena ayi. Tsiku lotsatira kunabwera Janalee. Sanawapemphe kanthu bambo ake, mwana ameneyo sapempha. Anangonena akutsuka mbale, atatipatsa msana, kuti chikwatirane aka n'koyamba kuti Travis anene yekha zobwera kutchalitchi. A Orval anatenga chipewa n'kupita kukhola. Foni anatenga kapena sanatenge, sindinaone, ndipo ndinachita mantha kufunsa.

Lamulungu loyamba la mwezi wotsatira ndinakhala palimba mwa masiku onse. Ndikuimba nyimbo yolowera ndinaona chitseko chakumbuyo chikutseguka, Janalee patsogolo, Travis pambuyo atanyamula Marlee. Anali atagula jekete yakeyake, yomukwana. Mpingo wonse unayesetsa kusatembenuka. Anakhala pabenchi lathu, Travis pafupi ndi a Orval, phewa ndi phewa. Pamenepo ndinadziwa kuti foni ija a Orval anaitenga.

Abishopu anaima, ananena kuti nthawi yatsalayi ndi ya aliyense amene mtima wamutuma, n'kukhala pansi. Palibe anasuntha. Anthu ankadikira chitsokomolo chija, monga achitira zaka zonsezi.

A Orval anatsokomola. Dzanja lawo linagwira benchi lakutsogolo, mitsempha ili dangalira, ndipo anayamba kunyamuka. Travis sanawayang'ane n'komwe, anangosendeza phazi lake kuloza kukhomo. Janalee anatseka maso. Amuna anga anakhala choncho, osaima, osakhala. Kenako anatambasula manja kwa Travis ngati chomwe amadzukira chinali mwana. Anam'landira Marlee, n'kukhala pansi.

Chikwatirane nawo sindinawaonepo atakhala pansi tsiku la umboni. Ndinalira pomwepo palimba, pamaso pa anthu onse, ndipo sindikudziwa ngati ndinkalirira chisoni kapena mkwiyo. Mpingo unadikirabe, unadikirabe, mpaka Mlongo Verla anadzuka ndi ndodo yawo kuti aphe manyazi.

Ndinayang'ana mwana wanga. Anali atagwira dzanja la mwamuna wake, nkhope yake ikuwala kuposa tsiku la ukwati wake. Ndinayang'ana a Orval. Anali ataweramira khandalo, pakamwa pali pafupi ndi khutu lake, milomo ikuyenda popanda mawu. Travis sakanamva kanthu, koma ine milomo imeneyo ndaiwerenga kuchokera palimba moyo wanga wonse. Ankamuuza Marlee kuti mlimi sangapeke buku limeneli.